Fungo la Fodya M'galimoto Yogula kwa Wosuta: Komwe Limabisala ndi Mmene Limachokera

Galimoto imene munthu wakhala akusutiramo fodya kwa zaka zambiri imapusitsa pa tsiku logula. Wogulitsa amakhala ataitsuka, atapoperamo zonunkhiritsa, mawindo atawasiya otsegula m'mawa wonse, ndipo wogula akalowamo amangomva kafungo kabwino. Pakadutsa masiku angapo, galimoto ija ikakhala padzuwa ili yotseka, mukangotsegula chitseko chimakuwombani chifungo cha ndudu zakale, chomwe chimatsalira m'zovala ndi m'tsitsi ngakhale ulendo unali waufupi. Apa ambiri amathamangira kukagula tonunkhiritsa topachika pagalasi. Timeneti sitithandiza. Chimene chikununkha si mpweya womwe unatsekeredwa m'galimotomo, chifukwa mpweya umasinthika mukangotsegula zitseko zonse kwa mphindi zochepa. Ndi litsiro limene linamata pa chilichonse chamkati, ndipo litsiro limachoka pokhapokha wina alichotse ndi manja.

Utsi wa fodya uli ndi mankhwala osiyanasiyana oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa amenewa ndi odziwika kuti amayambitsa khansa. Ena amangotuluka pawindo n'kupita. Amene amasautsa kwambiri m'galimoto ndi phula ndi chikonga. Phula ndi lija lofiirira, lomata, limene limasandutsa zala ndi mano a wosuta kukhala achikasu. Lili ngati mwaye wosakanikirana ndi mafuta, ndipo fumbi lililonse lodutsa limakakamira pamenepo. Chikonga ndiye chovuta kuposa apo, chifukwa sichikhazikika malo amodzi. Mu utsi wotentha chimauluka, chikakhudza nsalu kapena pulasitiki yozizirirapo chimatera n'kulowerera, ndiye kukadzatentha kapena kukachita chinyezi chimanyamukanso kubwerera mumpweya, n'kukateranso pena. Galimoto yotsekedwa padzuwa lamphamvu imatha kutentha mkati kupitirira madigiri 60 Celsius, choncho tsiku lililonse lotentha mipando ndi denga zimalavula pang'ono mwa zomwe zinamwa. N'chifukwa chake m'mawa kukuzizira mumaona ngati vuto latha, koma pofika masana labwerera lonse.

Malowonso ndi ochepa kwambiri. M'galimoto yaing'ono wamba muli mpweya wokwana pafupifupi makyubiki mita 3 basi, ndipo mbali yaikulu yazunguliridwa ndi nsalu, kapeti ndi siponji. Ndudu imodzi yokha patsiku kwa zaka 5 ndi ndudu zoposa 1,800 zowotchedwa m'kachipinda kameneka. Kutsitsa windo kumachepetsa utsi koma sikuuthetsa, popeza mphepo imabweza wina kumipando yakumbuyo.

Nkhaniyi siithera pamphuno pokha. M'chaka cha 2008, ofufuza a ku San Diego State University motsogozedwa ndi Georg Matt anayeza magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito omwe ankagulitsidwa, ndipo anapeza chikonga chochuluka m'fumbi, pamalo ogwiragwira ndi mumpweya wa magalimoto a anthu osuta. Ngakhale magalimoto a osuta omwe ankati sasutiramo anapezeka ndi chikonga m'fumbi ndi pamalo ogwiragwira kuposa a anthu osasuta. M'chaka cha 2010, asayansi a ku Lawrence Berkeley National Laboratory anasonyeza kuti chikonga chomwe chamata penapake chikakumana ndi nitrous acid, mpweya umene umatulukanso mu injini za magalimoto, chimasanduka mankhwala otchedwa nitrosamines, ndipo ena mwa amenewa amayambitsa khansa. Amodzi mwa malo omwe anayezapo anali mkati mwa galimoto ya munthu wosuta kwambiri. Ndiye kuti zotsalirazi zikakhalitsa sizingogona, zimasintha. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi ana aang'ono, omwe amagwira mpando, lamba ndi galasi kenako dzanja n'kuika mkamwa, komanso anthu odwala mphumu. Kwa ine, kuipa kwenikweni kwa zonunkhiritsa kuli pamenepa: zimatseka chenjezo lokhalo limene mphuno ikanakupatsani, poizoniyo ali pomwepo.

Musanayambe ntchito, dziwani kukula kwa vuto. Mphuno imazolowera msanga, moti mukakhala m'galimotomo mphindi zochepa simumvanso kanthu. Tengani kansalu koyera, kanyowetseni ndi madzi ofunda a sopo, mupukute mkati mwa galasi lakutsogolo, kenako chakumwamba kwa chitseko cha dalaivala ndi pa kotchingira dzuwa. Kakabwera kachikasu kapena kofiirira, limenelo ndi phula, ndipo ngati lachuluka chonchi pagalasi, munsalu muli lochuluka kuposa pamenepo. Kansalu komweka ndi kamene kadzakuuzeni kuti mwamaliza, kakadzayamba kubwera koyera. Ngati galimotoyo simunaigule kale, pitani nako kokaiona, muyang'anenso timabowo topsa pampando ndi mtundu wa denga. Ofufuza a ku San Diego aja anapezanso kuti magalimoto osutiramo ankagulitsidwa motsikirako mtengo, choncho muli ndi chifukwa chomveka chonenerera.

Yambani ndi zouma, madzi abwere pambuyo. Phulusa likanyowa limasanduka matope omwe amalowa mkati mwa kapeti, ndipo mumakhala mwadziwonjezera ntchito. Valani magolovesi, popeza chikonga chimalowa pakhungu. Tulutsani chilichonse chotheka kutuluka: timakapeti topondapo, zovekera mipando, mapepala a m'kabokosi kakutsogolo, zonse za m'buti mpaka tayala la sipeya. Zovekera mipando zakale ndi bwino kungotaya. Kothiramo phulusa kazuleni mukakaviike m'madzi a sopo. Kenako makina okoka fumbi agwire ntchito modekha, kawiri kapena katatu, uku mukukwecha kapeti ndi burashi kuti fumbi lapansi lidzuke. Kankhirani mipando kutsogolo, kenako kumbuyo. Pansi pa mpando wa dalaivala, m'tinjanji toyendamo mpando ndi pampata wa pakati pa mpando ndi giya ndi momwe mumabisala zidutswa za ndudu zoiwalika, ndipo kachidutswa kamodzi kangathe kununkhitsa galimoto yotsukidwa bwinobwino.

Zolimba monga dashibodi, chiwongolero, giya, zitseko ndi mabatani sizivuta. Madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale pang'ono, kapena mankhwala otsukira mkati mwa galimoto, n'zokwanira kusungunula phula. Yambirani kumwamba kutsikira pansi, sinthani madzi akangoda, ndipo nsalu zopukutira zikhale zambiri, chifukwa nsalu imodzi yomweyomweyo imangosamutsa phula kuchoka pa dashibodi kupita pachitseko. Kaburashi kofewa kamafika m'mizere ndi m'timazenera totulukira mphepo. Pa mabatani ndi pa sikirini musapopere madzi, nyowetsani nsalu basi. Magalasi akhale omaliza, atsukeni kawiri, ndipo mutsitse windo pang'ono kuti mufikire m'mphepete mwake mwa kumwamba. Ngati anamatidwa pulasitiki yakuda yochepetsa dzuwa, pewani mankhwala okhala ndi ammonia, amaiwononga.

Viniga ndi soda zimatchulidwa kwambiri pa nkhani imeneyi, ndipo m'pofunika kumvetsa chimene chilichonse chimachita. Chikonga chili m'gulu la mankhwala otsutsana ndi asidi. Chikakumana ndi asidi wofatsa ngati viniga woyera chimasanduka mtundu wa mchere umene suuluka mosavuta komanso umasungunuka m'madzi, ndiye chimatsatira nsalu popukuta. Viniga wosakaniza ndi madzi, theka ndi theka, amathandiza potsukuluza kachiwiri sopo atachotsa kale phula, ndipo fungo lake limatha lokha akauma. Soda wophikira nayenso ndi wotsutsana ndi asidi ngati chikonga chomwecho, choncho mphamvu yake pa fodya ndi yochepa kuposa momwe anthu amamutamira. Amayamwako mafuta ndi chinyezi mukamuwaza pa kapeti youma usiku n'kumukoka m'mawa, basi. Kusakaniza ziwirizi n'kutaya zonse, pakuti thovu limene limatumphukalo ndi umboni wakuti zathetsana mphamvu. Bulichi yekha asayandikire galimoto n'komwe. Amasukulutsa nsalu, amafooketsa malamba, ndipo akasakanikirana ndi viniga kapena ammonia amatulutsa mpweya wapoizoni umene m'malo opanikizika chonchi ungavulaze munthu nthawi yomweyo.

Denga ndi limene limafuna chisamaliro kuposa zonse. Utsi wotentha umakwera, choncho nsalu ya kudenga imamwa kwambiri, makamaka pamwamba pa mutu wa dalaivala ndi chakuwindo kwake. Komatu ndi malonso osachedwa kuwonongeka. Nsalu imeneyi ndi yopyapyala, ili pa kasiponji kopyapyalanso komwe kanamatidwa ndi guluu pa bolodi. M'galimoto yakale kasiponjiko kamakhala katayamba kale kuyoyoka. Mukanyowetsa kwambiri, kukwecha mwamphamvu kapena kuyandikiza nthunzi yotentha, nsalu imamatuka n'kuyamba kulendewera, ndipo ikatero siibwereranso. Njira yake ndi kuleza mtima. Poperani mankhwala a thovu pa nsalu yopukutira, osati kudenga, muzigunditsa pang'onopang'ono kachigawo kakang'ono, n'kuumitsa ndi nsalu ina youma musanasunthire pena. Mudzaona nsalu yanu ikubwera yofiirira. Lisiyeni liume, mubwerezenso tsiku lina, ndi linanso ngati pakufunika kutero, chifukwa kupukuta mopepuka kangapo kumachotsa zambiri popanda kugwetsa denga. Zotchingira dzuwa muzipukute mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi zogwirira za kudenga ndi nsanamira za m'mbali mwa galasi lakutsogolo.

Mipando ya nsalu ndi kapeti zimapirira madzi, koma vuto lake ndi kuya. Pansi pa nsalu pali siponji yokhuthala, ndipo chikonga chimalowa mmenemo. Kupaka sopo pamwamba n'kupukuta kumangokankhira litsiro mkati. Chofunika ndi makina aja opopera madzi ofunda n'kuwakokanso nthawi yomweyo, omwe otsuka magalimoto ndi makapeti amakhala nawo. Madzi obwerera m'thanki yake amakhala ofiirira, ndiye bwerezani mpaka atayamba kuyera. Ngati makinawo palibe, gwiritsani ntchito madzi ochepa, burashi, ndi matawulo ouma ambiri, muziwakanikiza mwamphamvu kuti amwe madziwo. Mulimonsemo, kuumitsa n'kofunika ngati kutsuka komwe. Siponji ikakhala yonyowa masiku awiri kapena atatu imayamba nkhungu, ndipo fungo la nkhungu losakanikirana ndi la fodya ndi loipa kuposa limene munayamba nalo. Sankhani tsiku ladzuwa, yambani m'mawa, zitseko zikhale zotsegula, ndipo ngati fani ilipo iziuzira mkati.

Chikopa sichimwa msanga ngati nsalu, koma phula limabisala m'misoko ndi m'timabowo take. Chimafuna mankhwala ake otsukira ndi kaburashi kofewa, kenako mafuta ofewetsa. Viniga ndi sopo wamphamvu amachiumitsa mpaka kung'aluka. Malamba ndiye ambiri amawaiwala, chonsecho lamba wa dalaivala amadutsa pachifuwa pa wosuta, pansi penipeni pa ndudu. Akokeni mpaka kumapeto, apaneni kuti asabwerere, atsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo wofatsa yekha, ndipo aume kotheratu asanalowenso m'malo mwake. Ena amachotseratu mipando kuti afikire kapeti yonse, ndipo zimathandizadi, koma pansi pa mipando ya magalimoto ambiri pali mawaya a ma airbag, kawirikawiri okhala ndi zolumikizira zachikasu. Amenewa sazulidwa batire likadali lolumikizidwa. Ngati simukuwadziwa bwino, ntchito imeneyo asiyireni amakaniko.

Ambiri akafika apa amaganiza kuti amaliza, kenako akayatsa AC fungo limatulukanso ngati sanachite kanthu. Wosuta akamayenda mphepo ikuzungulira mkati momwemo, utsi umakokedwa kudutsa m'fyuluta, pa fani, pa evaporator, ndi m'mapaipi onse. Evaporator ndi kachipangizo koziziritsa mpweya kamene kali kuseri kwa dashibodi. Kali ndi timasamba tachitsulo tothinana ndipo kamakhala konyowa AC ikamagwira ntchito, ndiye phula ndi fumbi zimamatapo bwino kwambiri. Choyamba ndi fyuluta. M'magalimoto ambiri imakhala kuseri kwa kabokosi kakutsogolo kwa mpando wa wokwera, ndipo imatuluka mosavuta. Isintheni, musaitsuke, ndipo ngati ilipo yokhala ndi makala apadera otchedwa activated carbon tengani imeneyo, chifukwa imagwira fungo pomwe yapepala wamba imagwira fumbi lokha. Magalimoto ena akale alibe fyuluta imeneyi n'komwe, ndipo mwa oterowo utsi unkangolunjika pa evaporator. Musanaike yatsopano, pali mankhwala a thovu otsukira kachipangizoka, omwe amalowetsedwa ndi kapaipi kudzera pamalo a fyuluta kapena pa kapaipi kotayira madzi kapansi pa galimoto. Thovulo limasungunula litsiro n'kutulukira pansi. Tsatirani malangizo a pachitini, popeza likachuluka n'kufika pa mota ya fani kapena pa mawaya limatha kuwononga. Mukatero yatsani fani mwamphamvu mawindo ali otsegula, muzisinthasintha mphepo kuti idutse kumapazi, kumaso ndi kugalasi, yozizira kenako yotentha, kuti njira zonse ziume. Injini izilirira panja, osati m'garaja yotseka. Mpweya wa carbon monoxide umene injini imatulutsa ulibe fungo koma umapha.

Zimenezi zikatha, dzuwa lomwe limadzutsa fungo lija lingathe kukuthandizani. Siyani galimoto padzuwa ili yotseka kwa maola angapo kuti zotsalira zinyamuke, kenako tsegulani zitseko zonse mpweyawo utuluke, mupukutenso magalasi ndi dashibodi pomwe zina zateranso. Mukamabwereza zimenezi kwa masabata angapo fungo limatsika pang'onopang'ono. Pansi pa mipando ikanipo timatumba ta makala apadera aja otchedwa activated carbon. Ali ndi timabowo tochuluka kwambiri moti galamu imodzi imakhala ndi malo ogwirira fungo oposa masikweya mita 500, pomwe makala wamba safika n'komwe pamenepo. Khofi, makoko a malalanje ndi zina zotero zimangophimba.

Chida chomaliza, chimene akatswiri otsuka magalimoto amadalira, ndi makina opanga mpweya wa ozoni. Ozoni ndi okosijeni wokhala ndi maatomu 3 m'malo mwa 2, ndipo atomu yachitatuyo imathothoka mosavuta n'kukaphwanya mankhwala onunkha kulikonse komwe mpweya ungafike, m'mapaipi a AC momwe. Amagwiradi ntchito, koma ndikufuna kuti mumvetse bwino malire ake. Ozoni sangadye phula lokhuthala lomwe simunalitsuke, ndiye kumuyatsa m'galimoto yakuda n'kutaya nthawi, fungo lidzabwerera. Amapsereza mapapo, moti bungwe loona za chilengedwe la ku United States, EPA, lakhala likuchenjeza za kugwiritsa ntchito makina otere m'malo okhala anthu. Munthu kapena chiweto asakhalemo makinawo akuyaka, ndipo akazima galimoto itsegulidwe kwa maola angapo isanakweredwe. Ozoni akachuluka kapena akakhalitsa amaumitsa labala, amafooketsa siponji ndi pulasitiki, ndipo nthawi zina amasiya fungo lakelake lovuta kuchotsa. Komanso asayansi a ku Berkeley aja anapeza kuti akakumana ndi chikonga amapanga tizinthu ting'onoting'ono kwambiri touluka, totha kulowa mkati mwenimweni mwa mapapo. Pa zifukwa zimenezi ayenera kubwera pomaliza, chikonga chambiri chitachoka kale ndi sopo ndi madzi, aziyatsidwa nthawi zifupizifupi, ndipo pambuyo pake mutsegule nthawi yaitali n'kupukutanso. Palinso timapaketi totulutsa mpweya wa chlorine dioxide tomwe timagwira ntchito mofananako, ndipo chenjezo lake ndi lomwelo: m'galimoto musakhale munthu, kenako mulowe mphepo yambiri.

Alipo magalimoto omwe zonsezi sizikwanira. Ngati munthu ankasuta paketi patsiku kwa zaka 10 mawindo ali otseka, chikonga chinafika pakatikati pa siponji ya mipando, m'chinsalu chokhuthala chapansi pa kapeti ndi m'bolodi ya denga, komwe sopo ndi ozoni safika. Yesani motere: patatha masabata awiri chimalizireni, osapoperamo chonunkhira chilichonse, siyani galimoto padzuwa masana onse, kenako muitane munthu wosasuta amene sanakweremo kale kuti atsegule chitseko. Ngati akumvabe fodya, nunkhizani denga, mpando wa dalaivala ndi kapeti, chimodzichimodzi, mupeze chimene chikutulutsa kwambiri. Kawirikawiri chimakhala denga kapena mpando wa dalaivala. Denga amatha kulitsitsa n'kumatapo nsalu ndi siponji yatsopano. Mpando amatha kuusintha siponji, kapena kuikapo wina wochokera m'galimoto ya mtundu womwewo yomwe munalibe wosuta, ndipo chinsalu chapansi pa kapeti nacho chimasinthika. Zimadya ndalama ndithu, koma ngati m'galimotomo muzikwera ana tsiku ndi tsiku, ine ndingalangize kusintha kusiyana n'kumapopera mankhwala mwezi ndi mwezi pa siponji yomwe singatsukikenso. Ngati galimotoyo inabwera ndi kampando ka mwana, nsalu yake ichapidwe motsatira malangizo a amene anakapanga, ndipo kakamanunkhabe fodya itauma, mwana asakhalepo, gulani kena.